Kukaphunzira kunja kuchokera ku Tete: yunivesite ya boma kapena yoyima payokha?

Mwana wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Moatize akamaliza kalasi 12 n'kufuna kukaphunzira kunja, mayiko amene makolo amawaganizira kwambiri ndi Malawi, South Africa, Portugal ndi Brazil. Kusiyana kwa yunivesite ya boma ndi yoyima payokha sikofanana m'mayiko anayiwa, choncho musatengere zimene mnansi wanu anaona ku Lisboa n'kuganiza kuti ku Blantyre zilinso chimodzimodzi.

Pa nkhani ya ndalama, ya boma ndiyo imapepuka. Ku Brazil mayunivesite a boma salipiritsa propina (fizi ya sukulu). Yunivesite ya boma ya UNILAB, imene ili m'zigawo za Ceará ndi Bahia, inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo imalandira ophunzira ochokera m'mayiko olankhula Chipwitikizi, Mozambique momwemo. Palinso PEC-G, pologalamu ya boma la Brazil ya ophunzira akunja, yodzera ku ofesi ya kazembe wa Brazil ku Maputo: propina palibe, koma banja limasaina kuti lizitumiza ndalama ya chakudya ndi nyumba mwezi ndi mwezi. Ambiri amagwera pomwepa, amamva zoti sukulu ndi yaulere n'kuiwala kuti lendi ndi tikiti ya ndege n'zawo. Ku South Africa, pangano la SADC la 1997 limathandiza kuti mwana wa ku Mozambique alipire fizi yofanana ndi ya eni dziko m'mayunivesite a boma, kungowonjezerapo kandalama ka alendo. Yoyima payokha imaika mtengo wake. Ku Portugal ya boma imalipiritsa mlendo kuposa mwana wa m'dzikomo, ngakhale kuti ambiri amatsitsako kwa ochokera m'mayiko a CPLP (gulu la mayiko olankhula Chipwitikizi). Ku Malawi, ngongole ya boma ya ophunzira ndi ya nzika zokha, ndiye ulowe ya boma kapena yoyima payokha, thumba ndi la makolo. Pemphani mtengo wa alendo wolembedwa papepala, ndipo funsani ngati uli mu makwacha kapena mu madola.

Pa kaloweredwe zinthu zimatembenuka. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, makamaka m'mayunivesite awa a ku Malawi: udokotala ku KUHeS, uinjiniya ku MUBAS kapena MUST, ndi zaulimi ku LUANAR. Yoyima payokha, monga Catholic University ku Nguludi kapena Malawi Adventist University ku Ntcheu, pafupi ndi chipata cha Biriwiri, khomo lake n'lotakasukirapo, ndipo zina zimalandira ophunzira kawiri pachaka. Kwa mwana wa ku Ulónguè zimenezi si zazing'ono: amatha kubwera kwawo pa tchuthi ndi ndalama ya minibasi chabe, ndipo Chichewa cha mumsika ndi cha kunyumba n'chimodzi. Koma m'kalasi ndi Chingerezi chokhachokha. Amene waphunzira zaka 12 m'Chipwitikizi akapanda kudzikonzekera, chaka choyamba chimamugwetsa, osati chifukwa cha kuchepa nzeru. Ku South Africa, wofuna digiri amayenera kupeza kaye chikalata cha Matriculation Board chovomereza maphunziro ake a kuno, ndipo mayunivesite a boma amatseka kalembera miyezi ingapo chaka chisanathe, pamene mwana asanalembe n'komwe mayeso a kalasi 12.

Tsopano chachikulu koposa, chimene chimaliritsa mabanja pambuyo pa zaka zinayi. Digiri ya kunja iyenera kulandira equivalência (chikalata choivomereza kuti ndi yofanana ndi ya kuno) kuno ku Mozambique isanagwire ntchito pofunsira malo m'boma. Yunivesite ya boma kawirikawiri siivuta, chifukwa inakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko lakelo. Yoyima payokha ndiyo yofunika kuifufuza, ndipo musangofufuza dzina la sukulu: fufuzani kosi yeniyeniyo. Sukulu imatha kukhala yolembetsedwa bwinobwino, koma kosi yatsopano imene yangotsegulidwa isanavomerezedwe. Ku Malawi onani mndandanda wa NCHE, bungwe lovomereza maphunziro apamwamba. Ku South Africa sukulu ikhale m'kaundula wa DHET (dipatimenti ya boma ya maphunziro apamwamba), kosi yake yovomerezedwa ndi bungwe la CHE. Ku Portugal onani mndandanda wa bungwe la A3ES, ku Brazil kaundula wa unduna wa maphunziro wotchedwa e-MEC. Kosi ikapanda kupezeka pamenepo, musalipire ngakhale ya fomu, kaya nyumba zake zikhale zokongola bwanji. Banja limene lagulitsa ng'ombe, mbatata ndi fodya wa chaka chonse siliyenera kulandira pepala lopanda ntchito.

Maganizo athu ndi awa. Udokotala, unamwino, uinjiniya ndi zaulimi, limbikirani ya boma, ngakhale kudikira chaka, chifukwa maphunzirowa amafuna chipatala chophunziriramo, malabotale ndi minda, zinthu zodula zimene sukulu zazing'ono sizikwanitsa. Zowerengera ndalama, zamalonda, zamakompyuta ndi uphunzitsi, yoyima payokha yovomerezeka ikhoza kukutumikirani bwino: makalasi amakhala aang'ono, mphunzitsi amapezeka, ndipo kalendala siisokonekera kawirikawiri ndi sitalaka monga zimachitikira m'masukulu ena a boma. Zamalamulo n'zapadera. Malamulo a Mozambique anachokera ku mwambo wa Chipwitikizi, a Malawi ku wa Chingerezi, ndiye amene akufuna kudzaimirira milandu ku Tete asankhe Portugal kapena aphunzire konkuno.

Mapepala oyambira ndi ofanana pafupifupi kulikonse: pasipoti, satifiketi ya kalasi 12 yodindidwa ndi unduna wa maphunziro ndi wa zakunja, yomasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka ngati mukupita kolankhula Chingerezi, kenako chilolezo cha wophunzira. Kudutsa pa Zóbuè kapena pa Calómuè ndi chidindo cha mlendo si chilolezo chophunzirira, ndipo masiku ake akatha mumalipira chindapusa. Ku South Africa viza siituluka popanda inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa komweko. Ofuna bolsa (thandizo la ndalama zophunzirira) ayang'ane zilengezo za Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo awerenge bwino ngati bolsayo ikulipira propina yokha kapena ndi malo ogona omwe.