Matayala a mayina otchuka ndi matayala otsika mtengo: kusiyana kwake kumaonekera pati?

Munthu akalowa m'sitolo ya matayala n'kutchula saizi ya galimoto yake, tinene kuti 185/65 R15 imene imakwana pa galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan, wogulitsa amatsitsa matayala awiri kapena atatu n'kuwaimika pansi mondondozana. Onse ndi akuda, onse ndi atsopano, onse akununkha mpira, koma mtengo wa limodzi ukhoza kufika pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa linzake. Mawu a wogulitsa sasintha kwenikweni: "Abwana, ili ndi la ku China koma a taxi akulikonda, pamene ilo mukaika simubweranso msanga." Poyang'ana ndi maso, kapena pokanda mpirawo ndi chikhadabo monga ambiri timachitira, palibe chimene wogula angadziwe, chifukwa zimene zimasiyanitsa matayalawa zili m'kati mwa mpira ndi m'mawaya ake, ndipo zimadzaonekera pa msewu patapita miyezi.

Gulu la mayina otchuka ndi la makampani akale. Continental inayamba mu 1871 ku Hanover m'dziko la Germany, Pirelli mu 1872 ku Milan, Michelin mu 1889 ku Clermont-Ferrand m'dziko la France, Goodyear mu 1898 ku Akron m'dziko la America, ndipo Bridgestone inayamba mu 1931 ku Japan. Gulu lotsika mtengo ladzaza ndi mayina a ku China monga Triangle, Linglong, Sailun, Westlake ndi Goodride. Pakati pa magulu awiriwa pali Hankook ndi Kumho a ku South Korea, Maxxis wa ku Taiwan, komanso mayina amene eni ake ndi makampani akuluakulu omwe aja: Firestone ili m'manja mwa Bridgestone kuyambira 1988, General Tire ndi Barum ndi za Continental, pamene Tigar ndi ya Michelin. Ndi bwinonso kudziwa kuti dzina silinena kumene tayala lapangidwira, chifukwa matayala ambiri a Dunlop amene amagulitsidwa kum'mwera kwa Africa kuno amapangidwa ku Ladysmith m'dziko la South Africa ndi kampani ya Sumitomo ya ku Japan, ndipo makampani otchuka nawonso ali ndi mafakitale ku China ndi ku Thailand. Mawu akuti "la ku China" paokha sakwanira kuweruzira tayala.

Kusiyana kwakukulu, kumene ine ndimakuika patsogolo pa zonse, kuli pa kuima kwa galimoto pa msewu wonyowa. Pa tala wouma, galimoto ikuyenda liwiro la m'tauni, tayala lotsika mtengo ndi lodula amaima mosasiyana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake munthu amene wagula lotchipa m'mwezi wa Juni amatha miyezi isanu akunena kuti anzake amangotaya ndalama. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, fumbi ndi mafuta amene anakhala pa tala chilimwe chonse zimasanduka ngati thelele, ndipo apa ndi pamene mpira wa tayala umayesedwa. Gawo la tayala limene limakhudza msewu ndi laling'ono ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo pa kagawo kameneko mizere yokumbika ija iyenera kukankhira madzi kumbali pamene mpirawo ukugwira timiyala ta tala. Makampani akuluakulu amawononga ndalama zambiri pa kasakanizidwe ka mpira, makamaka pothiramo ufa wotchedwa silica, umene Michelin inayamba kuugwiritsa ntchito pa matayala a galimoto wamba mu 1992, ndipo ufawu umathandiza tayala kugwira msewu wonyowa popanda kulemetsa injini.

Nkhani imeneyi ili ndi muyezo wake. Kuyambira mu Novembala 2012, matayala ogulitsidwa m'mayiko a European Union amakhala ndi chipepala chomatidwa chosonyeza kagwiridwe ka msewu wonyowa, kadyedwe ka mafuta ndi phokoso, ndipo kuyambira mu 2021 magiredi a kagwiridwe ka msewu wonyowa ndi a kadyedwe ka mafuta amayambira pa A kulekezera pa E. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, kusiyana kwa mtunda woimira pakati pa giredi yapamwamba ndi yotsikitsitsa kumafika mamita 18, umene ndi utali wa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi zinayi zitandondozana. Aliyense amene anayendetsapo pa msewu wa M1 tsiku la msika ku Lizulu kapena ku Tsangano, kumene anthu, njinga za kabaza ndi mbuzi zimadutsa msewu mosayembekezereka, akudziwa kuti mamita 18 ndi ambiri. Matayala ena amene amafika kuno amabwera chipepalacho chikadali pomwepo, ndipo chosangalatsa n'chakuti ena a ku China odziwika mayina amapeza B kapena C pa msewu wonyowa, zimene zikusonyeza kuti si onse otsika mtengo amene ali m'gulu limodzi. Amene ndimawaopa ndi aja a mayina achilendo amene lero alipo mawa kulibe, opanda chipepala, amene ngakhale pa intaneti simungapeze kampani yowapanga.

Pa nkhani ya kutha, anthu ambiri amaona mtengo wa pa kauntala m'malo moona mtengo wa kilomita iliyonse. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke: tayala la K240,000 limene layenda makilomita 60,000 lakudyerani K4 pa kilomita, pamene la K140,000 limene latha pa makilomita 30,000 lakudyerani pafupifupi K4.70, osawerengera ndalama yomangitsa kawiri. Apa lodula lija ndiye lotsika mtengo. Koma masamu amenewa amaima pa chinthu chimodzi, chakuti tayalalo lifike pa ukalamba wake, ndipo apa ndi pamene misewu yathu imasokoneza zonse. Dzenje siliwerenga dzina lolembedwa pa tayala. Ngati matayala onse awiriwo aonongeka pa makilomita 15,000, lodula lija lakudyerani K16 pa kilomita pamene lotchipa lakudyerani K9 ndi pang'ono.

Zimenezi zinandichitikira ine mwini pakati pa Dedza ndi Ntcheu, madzulo mvula ikuwaza. Dzenje linali lodzaza madzi moti linkaoneka ngati chithaphwi wamba, ndipo ndinangomva kugunda kumene kunagwedeza chiwongolero mpaka m'mapewa. Tayala silinaphwe, kotero ndinapitiriza ulendo, koma m'mawa mwake ndinapeza chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku m'mbali mwa tayala lakutsogolo, limene linali lodula ndipo linali lisanathe ngakhale miyezi inayi. Mnyamata womata matayala analisisita ndi chala n'kunena kuti, "Achimwene, ili lapita, ulusi wa m'kati waduka." Ananena zoona, chifukwa chotupa chotere chimatanthauza kuti limu inapana khoma la tayala pa mlomo wa dzenje n'kudula ulusi umene umasunga mpweya, ndipo palibe chigamba chimene chingabwezeretse mphamvu yake. Chimene chikanandithandiza tsiku limenelo si dzina lina ayi, koma khoma lalitali ndi mpweya wokwanira. Nambala yapakati pa saizi, monga 65 mu 185/65, imanena kutalika kwa khoma poyerekeza ndi kutambalala kwa tayala, ndipo amene amavula malimu a fakitale n'kuika akuluakulu okhala ndi matayala opyapyala a 45 kapena 40 amakhala akuchepetsa mpira umene umalandira nkhonya ya dzenje.

Za mafuta ndi phokoso sindichedwapo. Tayala lopepuka kugudubuzika limapulumutsa mafuta ndithu, ndipo pa muyezo wakale wa ku Ulaya kusiyana pakati pa giredi A ndi G kunkafika 7.5 peresenti, koma pakati pa matayala amene munthu angasankhe m'sitolo imodzi kusiyanako kumakhala kochepa, ndipo kumafafanizika msanga ngati mpweya ndi wochepa. Phokoso la otchipa ena limamveka pa ulendo wautali, makamaka akayamba kutha, koma palibe amene analephera kufika kwawo chifukwa cha phokoso.

Kutentha ndi katundu ndi nkhani ina imene imafuna chidwi, makamaka kwa amene amatsikira ku Chikwawa ndi Nsanje kapena kuyenda m'mphepete mwa nyanja mu Okutobala. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 88H. Nambala 88 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 560, pamene H ikutanthauza liwiro losapitirira makilomita 210 pa ola, ndipo T ndi 190. Matayala ambiri amalembedwanso mawu akuti Temperature motsatana ndi A, B kapena C, ndipo A ndiye amapirira kutentha kuposa enawo. Tayala lodzaza katundu wopitirira muyezo, kapena loperewera mpweya, limapindikapindika khoma pa kuzungulira kulikonse, limatentha m'kati, ndipo mapeto ake mpira umasiyana ndi mawaya. Pa minibasi ya Hiace kapena pa galimoto yonyamula matumba a chimanga, tayala lotsika mtengo lokhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi, monga 195R15C, limaposa tayala la dzina lalikulu limene linapangidwira galimoto yonyamula banja, chifukwa C imasonyeza kuti linapangidwira katundu.

Pali mpikisano wina umene umachitika kwambiri m'misika yathu kuposa wa lodula ndi lotchipa, ndiwo wa tayala latsopano lotsika mtengo ndi tayala la kaunjika la dzina lotchuka. Apa ndilibe chikayiko: latsopano limapambana. Tayala latsopano limakhala ndi mizere yakuya mamilimita 7 kapena 8, ndipo m'kati mwa mizereyo muli timitumbira ting'onoting'ono tosonyeza pamene patsala mamilimita 1.6, pamene tayala limayenera kuchotsedwa. La kaunjika limafika litadya kale theka la moyo wake, ndipo mizere yosazama siikankha madzi mokwanira, kotero pa liwiro galimoto imayandama pamwamba pa madzi, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Mpira nawo umakalamba ngakhale tayala litangokhala m'nyumba. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Kuposa pamenepo, palibe amene angakuuzeni maenje amene tayala la kaunjika linagundapo kumene linachokera.

M'gulu lomweli muli msampha wina umene umagwira anthu ogula galimoto ku Japan. Galimoto zina zimafika zitavala matayala a nyengo ya chipale chofewa, monga Bridgestone Blizzak, Yokohama iceGUARD kapena Dunlop Winter Maxx, amene amadziwika ndi mawu akuti Studless komanso timizere tambirimbiri tokhotakhota pa mpira. Mwini galimoto amaona dzina lalikulu ndi mizere yakuya n'kuganiza kuti wapeza mwayi, koma mpira wake unapangidwa wofewa kuti ugwire madzi oundana, ndipo pa tala wotentha umatha msanga komanso umatalikitsa mtunda woimira. Matayalawa ndi abwino pa ntchito imene anapangidwira, koma ntchitoyo kuno kulibe, ndipo m'misika ya kaunjika amapezeka ambiri.

Kwa munthu amene amayenda maulendo ataliatali pa tala, monga Lilongwe ndi Blantyre kapena Mzuzu mwezi ndi mwezi, amene amatsika Chiweta kapena Khwekhwerere mvula ikugwa banja lili m'galimoto, ine ndimati agule tayala la gulu lapamwamba kapena lapakati lokhala ndi A kapena B pa msewu wonyowa. Kwa amene galimoto yake imazungulira m'tauni ndi m'misewu yafumbi ya m'malokeshoni, kumene liwiro silipitirira makilomita 60 pa ola ndipo matayala amafa ndi misomali ndi maenje asanathe mizere, tayala latsopano la kampani yodziwika ya ku China ndi chisankho chanzeru, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku wheel alignment (kuwongola kaimidwe ka mawilo) ndi ku tayala la sipeya labwino. Amene amayenda pang'ono pa chaka nayenso sapindula kwenikweni ndi tayala lokhalitsa, chifukwa mpira udzakalamba mizere isanathe. Popeza matayala timaitanitsa kunja, mitengo yake imatsata ndalama yakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ambiri anasiya kugula anayi nthawi imodzi n'kuyamba kugula awiriawiri.

Kugula awiriawiri kulibe vuto ngati awiriwo ali ofanana dzina, saizi ndi mizere, ndipo aikidwa mbali zonse ziwiri za kutsogolo kapena za kumbuyo. Opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale pa galimoto imene imakoka ndi matayala akutsogolo, chifukwa kutsogolo kukaterereka woyendetsa amamva pa chiwongolero n'kuchepetsa liwiro, pamene kumbuyo kukaterereka pa kona yonyowa galimoto imatembenuka yonse asanachitepo kanthu. Amakaniko ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi ngati simunawauze, kotero ndi bwino kuimirira pomwepo pamene akumanga, ndi kuonetsetsa kuti mpweya umene apopa ndi umene walembedwa pa kapepala ka pa felemu ya chitseko cha woyendetsa, osati nambala yaikulu yolembedwa pa tayala, imene imangonena malire amene tayalalo lingapirire.