Maginito, koyilo kapena rada: n'chiti chopanga wekha chimene chimapeza zobisika m'khoma?

Tsiku lina ndikukhoma shelefu kukhitchini, makina oboolera analowa m'khoma masentimita atatu okha, kenako kunathetheka moto wabuluu ndipo nyumba yonse inachita mdima. Pansi pa pulasitala panali paipi ya PVC yodutsamo waya wopita ku soketi ya chitofu. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyerekeza njira zimene munthu angapangire yekha chida chofufuzira m'khoma popanda kuwononga ndalama zambiri, ndipo ndaona kuti funso loyamba si la mtengo ayi, koma la chinthu chimene mukufuna kupeza ndi mtundu wa khoma limene chabisalamo.

Chida chimene anthu ambiri amayamba kutengera ndi chimene Robert Franklin anatulukira ku America mu 1977, chomwe kampani ya Zircon inadzayamba kugulitsa. Chimayeza mmene khoma limasungira mphamvu ya magetsi pakati pa timapepala tiwiri ta mkuwa, ndipo chimalira chikafika pamene pali thabwa kuseri. Kuchipanga ndi Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zida zopanga wekha, n'kosavuta, koma chinapangidwira nyumba za kumeneko, zimene makoma ake ndi mabolodi opyapyala okhomeredwa pa matabwa otalikirana pafupifupi masentimita 40. Pa khoma la njerwa zootcha chimangolira paliponse, chifukwa njerwa, dothi lomangira ndi chinyezi n'zosiyana malo ndi malo. Sindingalangize munthu wa nyumba ya njerwa kutayirapo nthawi.

Maginito a neodymium, amene mungachotse m'hadi disiki ya kompyuta yakufa, safuna batire ngakhale waya. Mukawamangirira ku ulusi n'kuwayendetsa pang'onopang'ono pa khoma, amapendekera kumene kuli msomali kapena chitsulo chapafupi. Vuto lake n'lakuti sakoka mkuwa kapena pulasitiki, choncho waya amene anandizimitsira magetsi uja akanamudutsa osagwedezeka.

Mpikisano weniweni uli pakati pa zida ziwiri. Choyamba ndi chomva magetsi popanda kukhudza waya: matransista (tizipangizo tokulitsa mphamvu ya magetsi) atatu a BC547 olumikizidwa motsatizana, kababu ka LED, batire ya 9V, ndi kachidutswa ka waya kopindidwa kumapeto ngati mlongoti. Waya wamoyo wa 230V amatulutsa mphamvu yosinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kachidako kamaikulitsa mpaka kababu kuyaka. N'chotsika mtengo kuposa zonse zoyendera batire, ndipo chimapeza chinthu chimene chingaphe munthu. Komabe chili ndi zofooka zimene ziyenera kunenedwa poyera: magetsi akazima sichimva kanthu, waya akadutsa m'paipi yachitsulo sichimumva, ndipo nthawi ya dzinja khoma lonyowa limamwaza mphamvuyo moti kababu kamayaka pa dera lalikulu osaloza malo enieni. Kusayaka kwake si umboni woti palibe waya.

Chachiwiri ndi chofufuzira zitsulo cha koyilo. Mumakulunga waya wopyapyala wa mkuwa maulendo ambiri pa chivindikiro cha botolo, n'kumulumikiza ku kapasita (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ndi transista kuti magetsi azinjenjemera pa liwiro lokhazikika, ndipo Arduino imawerenga liwirolo. Chitsulo chikayandikira, liwiro limasintha. Kawirikawiri chitsulo chokokedwa ndi maginito chimalitsitsa pamene mkuwa umalikweza, ndipo potero mumatha kusiyanitsa msomali ndi paipi ya mkuwa. Amene safuna kuvutika ndi kusanja zida angagule kachipangizo ka LDC1612 ka Texas Instruments, kamene kamagwira ntchito yoyezayo kokha. Ubwino wa koyilo ndi wakuti imagwira ntchito kaya magetsi alipo kaya palibe. Chovuta chili pa kukula kwake, pakuti koyilo yaikulu imamva patali koma siloza bwino, pamene yaing'ono imaloza bwino koma imangomva zapafupi. Waya woonda wa magetsi a mababu imavutika kumumva, ndipo pa lintala kapena pa chipilala cha konkire imalira mosalekeza chifukwa cha zitsulo zam'kati. Ndinaonanso kuti kutentha kwa dzanja kumasuntha manambala, choncho pamafunika batani loyambitsira muyezo mwatsopano, chida chili m'mwamba kutali ndi khoma.

Paipi ya madzi ya pulasitiki ndi imene imagonjetsa zonsezi. Yokhoza kuipeza ndi rada, chida chotumiza mafunde a wailesi m'khoma n'kumva amene abwerera, monga Walabot ya kampani ya Vayyar ya ku Israel kapena D-tect 150 ya Bosch, imene imaona mpaka masentimita 15 m'konkire, koma izi n'zogula, osati zopanga wekha. Ena amagula kachipangizo kotchipa ka HB100 poganiza kuti apangira rada, pamene iko kamangomva zinthu zoyenda, osati paipi yongokhala phee m'simenti. Kamera yoona kutentha ya MLX90640, ya timadontho 32 kwa 24, imatha kuonetsa paipi ya giza madzi otentha akayenda kwa mphindi zingapo, koma ya madzi ozizira siioneka bwino.

Chimene ndinasankha ndi kuika chomva magetsi ndi koyilo m'kabokosi kamodzi, chilichonse ndi kababu kake, popeza chimene china chaphonya chinzake chimatha kuchigwira. Ndimayamba ndachiyesa pamwamba pa soketi yodziwika kuti nditsimikize kuti batire ili ndi moto, ndimafufuza magetsi ali oyaka, ndimalemba ndi pensulo paliponse pamene chalira, ndipo ndimazimitsa pa bokosi lalikulu ndisanaboole. Mzere wokwera, wotsika kapena wopingasa kuchokera pa swichi ndi soketi ndimaupewa ngakhale mababu onse awiri asayake, chifukwa m'menemo ndi mmene malamulo a ku Britain a BS 7671 amalola amisiri kubisa waya.