Ofesi ya za msonkho pa Bangula: za kuno amazidziwa, za ku Mozambique ayi

Pa Bangula pali ofesi ya akawuntanti imene imalembera mapepala makampani ang'onoang'ono ogulitsa nandolo ndi chitowe ku Mozambique kudzera pa chipata cha Marka. Ntchito ya mbali ya Malawi amaigwira bwino kwambiri.

Lole isananyamuke amafuna TPIN (nambala ya msonkho) ya kampani, invoisi yolemba kuchuluka kwa matumba, kulemera kwake ndi mtengo, ndi kalata ya a zaulimi yotsimikiza kuti mbewu zilibe tizilombo. Amaumirira setifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu wachokera, ndipo apa akulondola, chifukwa dziko la Mozambique silili mu COMESA. Mukanyamula pepala la COMESA, pa Vila Nova da Fronteira, chipata cha mbali ya Mozambique, simuchotseredwa msonkho wolowetsera katundu.

Timawayamikiranso posamala Form 12, fomu ya kasitomu yotulutsira katundu, yodindidwa pa Marka. Katundu wopita kunja VAT yake ndi ziro, ndiye kampani yolembetsa VAT ikhoza kuitanitsa imene inalipira pogula matumba, koma MRA, bungwe lotolera msonkho ku Malawi, imayamba yaona umboni wakuti katunduyo anatulukadi. Chidindo chikasowa, ndalamayo yapita.

Vuto lili kutsidya. Wogula akalandira katundu pachipata n'kumulipirira yekha, phindu lanu limadulidwa msonkho kuno, 30 peresenti kwa kampani ya ku Malawi. Koma mukachita lendi nyumba ku Mutarara, m'dziko la Mozambique, n'kuikako wantchito wogulitsa ndi kulandira ma metical m'dzina la kampani, boma la uko limakuwerengani ngati okhazikika m'dziko lawo. Pamenepo pafunika NUIT (nambala ya msonkho ya ku Mozambique), msonkho wa makampani wa IRPC wa 32 peresenti pa phindu la nthambiyo, ndi kulembetsa IVA (VAT ya uko), imene pa katundu wambiri ndi 16 peresenti. Ofesi ya pa Bangula siifunsa n'komwe kumene katundu akagulitsidwire akawoloka, chonsecho funso limeneli ndilo limagawa msonkho. Izi zimatidetsa nkhawa, poti Chisena chimapeputsa malonda mbali zonse ziwiri, munthu n'kuiwala kuti mafomu a uko ali m'Chipwitikizi, ndipo muofesimo mulibe wochiwerenga.

Ngati mumagulitsira pachipata, pitani kwa iwo osakayika. Ngati mukufuna sitolo kutsidya, pezaninso akawuntanti wovomerezeka ku Tete musanasaine pangano la lendi.