Kuuma kwa maso kosatherapo: kuyerekeza njira zochizira zimene zilipo kuno ku Johannesburg

Munthu amene maso ake akhala akuuma kwa miyezi yambiri, mpaka kumamva ngati m'zikope muli mchenga kuyambira m'mawa kufikira usiku, amauzidwa njira zambiri zochizira zimene zimasiyana kwambiri pa mtengo ndi pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo aliyense wogulitsa njira yake amaitamanda ngati palibenso ina. Kuno ku Johannesburg vutoli limakula msanga chifukwa mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake umauma kwambiri kuyambira mu May mpaka mu August, ndipo fumbi la mphepo, utsi wa mbaula ndi kutentha kwa mahita zimangowonjezera moto. Amalawi ambiri amene timagwira ntchito ya ulonda usiku, yosoka, yoyendetsa galimoto kapena yoyang'ana pakompyuta tsiku lonse timaona kuti maso amene sankativutitsa kwathu ayamba kuwotcha titangokhala kuno nyengo yachisanu imodzi kapena ziwiri.

Musanatulutse ndalama pa njira iliyonse, muyenera kudziwa chimene chikusowa m'misozi yanu, chifukwa misozi si madzi okha. Pamwamba pake pamakhala mafuta ochokera m'tiziwalo ta meibomian timene tili m'mphepete mwa zikope, ndipo mafutawa ndi amene amaletsa madzi kuuma msanga. Pakati pali madzi enieniwo, ndipo pansi pali zoterera zimene zimamatiza misozi padiso. Odwala ambiri madzi amatulutsa ndithu koma mafuta ndi amene atsekeka kapena alimba, pamene ena, makamaka amene ali ndi matenda a Sjögren, nyamakazi ya rheumatoid kapena lupus (matenda amene chitetezo cha thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo), madzi enieniwo ndi amene achepa. Dokotala wa maso amasiyanitsa ziwirizi mosavuta. Amaika kapepala m'chikope chapansi kwa mphindi 5, ndipo ngati kanyowa osapitirira mamilimita 5 ndiye kuti madzi ndi ochepa kwambiri. Amadonthezanso utoto wachikasu wa fluorescein n'kuwerenga masekondi amene misozi imakhala isanang'ambike, ndipo masekondi ochepera 10 amasonyeza kuti misozi siikhazikika. Maso olengeza misozi pamphepo asakupusitseni, chifukwa nthawi zambiri kumeneko ndi kulira kwa diso louma, ndipo misozi yotereyi imatsika pamasaya osanyowetsa diso kwa nthawi yaitali.

Madontho ogula ku famase monga Clicks kapena Dis-Chem ndi pomwe aliyense amayambira, koma pakati pa madonthowa pali kusiyana kumene anthu ambiri sakuona. A m'botolo wamba amakhala ndi mankhwala owateteza kuti asawonongeke, ndipo odziwika kwambiri ndi benzalkonium chloride, amene amawononga khungu la pamwamba pa diso akamagwiritsidwa ntchito pafupipafupi. Kwa munthu wodontheza kawiri kapena katatu patsiku botolo lotere ndi lokwanira ndiponso lotchipa, koma wodontheza koposa kanayi patsiku, monga momwe zimakhalira vuto likakula, ayenera kusamukira ku madontho opanda zotetezerazo, amene amabwera m'timabotolo tating'ono totsegula kamodzi kapena m'botolo la chivindikiro chapadera. Ndi okwera mtengo, koma kupitiriza ndi otchipawo kumatha kusandutsa mankhwala kukhala gwero la vuto. Madontho okhala ndi sodium hyaluronate amakhalitsa padiso kuposa opyapyala a hypromellose, ndipo okhala ndi mafuta amathandiza bwino amene tiziwalo tawo ta mafuta tatsekeka. Jeli ndi mafuta opaka amagwira nthawi yaitali kwambiri koma amaphimba maso, kotero ndi abwino pogona, osati kwa dalaivala amene ali pachiwongolero kapena mlonda amene ali pageti. Madontho oyeretsa maso ofiira, okhala ndi naphazoline kapena tetrahydrozoline, sali m'gulu limeneli n'komwe: amangofinya timitsempha, ndipo mphamvu yake ikatha maso amafiira kuposa poyamba. Zodontheza mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena madzi a masamba, zimene ena tinazolowera kumudzi, zimatha kulowetsa tizilombo m'diso limene lili kale ndi timabala.

Ngati vuto ndi mafuta otsekeka, njira zimene zimapikisana ndi zitatu, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Yoyamba ndi kuthowa zikope ndi chinthu chofunda pafupifupi madigiri 40 kwa mphindi 10, kenako kusisita zikopezo molunjika kumphepete kumene zimakumana diso likatsinzina ndi kutsuka m'mphepete mwake, tsiku ndi tsiku. Kansalu konyowetsa m'madzi ofunda kamazizira pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, n'chifukwa chake chophimba kumaso chotenthetsa mu microwave chimagwira bwino ntchito kuposa kansalu. Njira imeneyi siidya ndalama zambiri, koma imafuna khama la masabata angapo zotsatira zisanaoneke, ndipo anthu ambiri amaisiya msanga n'kumanena kuti siithandiza. Yachiwiri ndi makina a LipiFlow, amene analoledwa ku America mu 2011; amatenthetsa mkati mwa zikope pa madigiri pafupifupi 42.5 kwinaku akuzifinya kwa mphindi 12, ndipo phindu la ulendo umodzi limatha kukhala miyezi ingapo. Amachita mwamphamvu chimene manja amachita mwapang'onopang'ono, koma mtengo wake ndi marandi masauzande angapo, ndipo tiziwalo timene tinafota kale sangatidzutse. Pa chifukwa chimenechi ndikuona kuti ndi bwino kupempha kaye chithunzi cha tiziwaloti, chimene madokotala amachitcha meibography, musanavomere kulipira.

Yachitatu ndi kuwala kwamphamvu kwa IPL, kumene amawalitsa pakhungu la m'munsi mwa maso maulendo atatu kapena anayi motalikitsa masabata angapo. Kumathandiza makamaka anthu amene ali ndi rosacea (matenda ofiiritsa khungu la nkhope) ndiponso timitsempha tofiira m'mphepete mwa zikope, koma kwa ife a khungu lakuda pali chenjezo limene zotsatsa sizitchula kawirikawiri. Kuwalaku kumayamwidwa ndi melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, ndiye khungu likakhala lakuda kwambiri limatenga kutentha kochuluka, zimene zingathe kuwotcha kapena kusiya mawanga oyera ndi akuda pankhope. Makina ambiri a IPL anapangidwira khungu la magulu oyamba anayi pa muyeso wa Fitzpatrick, umene umagawa khungu m'magulu asanu ndi limodzi kuyambira loyera kwambiri mpaka lakuda kwambiri, pamene ambiri mwa ife tili m'gulu lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi. Ngati wopereka chithandizo sanafunse za khungu lanu, kapena sakufuna kuyesa kaye pamalo pang'ono, ndi bwino kuchokapo. Pa njira zitatuzi ine ndingayambe ndi kuthowa kwa miyezi iwiri kapena itatu mosadumphitsa, ndingaganizire za LipiFlow pokhapokha chithunzi chitasonyeza kuti tiziwalo tilipo koma tatsekeka, ndipo IPL ndingaiike pamapeto penipeni.

Kuuma kwa nthawi yaitali kumabweretsa kutupa pamwamba pa diso, ndipo kutupako kumachepetsanso misozi, motero madontho onyowetsa okha sangathetse vutoli likafika pamenepa. Madontho a steroid monga fluorometholone amaziziritsa diso m'masiku ochepa, n'chifukwa chake odwala amawakonda, koma madokotala amawapereka kwa masabata awiri mpaka anayi okha chifukwa akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakweza mphamvu ya madzi m'diso, zimene zimayambitsa glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso), ndiponso amafulumizitsa ng'ala. Glaucoma imeneyi siipweteka poyamba, ndiye munthu amene akugula steroid payekha popanda kuyezedwa amatha kutaya maso akuganiza kuti akuchira. Cyclosporine, amene amadziwika ndi dzina la Restasis pa mphamvu ya 0.05% ndiponso Ikervis pa 0.1%, amasiyana ndi steroid m'zonse: amawotcha akangodonthezedwa, amatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti phindu lake lioneke, koma angathe kugwiritsidwa ntchito kwa zaka popanda kuopa glaucoma. Nthawi zambiri dokotala amayambitsa onse awiri pamodzi, steroid n'kumusiya pakapita masabata ochepa cyclosporine akupitirira. Lifitegrast, wotchedwa Xiidra, amene analoledwa ku America mu 2016, amayamba kugwira msanga pang'ono koma ena amadandaula za kuwawa m'kamwa akadontheza. Mankhwala akakhala kuti sanalembetsedwe m'dziko muno, dokotala angathe kupempha chilolezo ku SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, pansi pa ndime 21 ya lamulo la mankhwala la mu 1965, ngakhale kuti njira imeneyi imatenga nthawi ndi ndalama. Palinso mapiritsi a doxycycline pa mlingo wochepa, amene amafewetsa mafuta a m'zikope ndi kuchepetsa kutupa. Amayi oyembekezera sayenera kumwa, ndipo ogwira ntchito padzuwa monga m'magadeni adziwe kuti khungu limatha kupsa msanga.

Za makapisozi a mafuta a nsomba sindichedwapo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa DREAM, amene anasindikizidwa mu 2018, anapereka mamiligiramu 3,000 a omega-3 patsiku kwa chaka chathunthu kwa odwala a maso ouma, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni ndi amene anamwa mafuta a olive. Kudya nsomba ndi kwabwino, koma ndalama ya makapisozi ingagwire ntchito yaikulu pa madontho opanda zotetezera.

Kwa amene madzi a misozi ndi ochepa kwambiri, mpikisano uli pakati pa timapulagi, madontho a seramu ndi magalasi a scleral. Timapulagi timatseka kabowo ka pakona ya chikope kumene misozi imatsikira kupita m'mphuno, kuti yochepa imene ilipoyo ikhalitse padiso. Kuika kwake ndi kwa mphindi zochepa m'chipinda cha dokotala. Ta collagen timasungunuka tokha ndipo timathandiza kuyesa ngati njirayi ikukuyenerani, pamene ta silikoni timakhalitsa koma timatha kugwa kapena kuchititsa misozi kusefukira. Madokotala ambiri amafuna kuthana kaye ndi kutupa asanatseke kabowoko, chifukwa kutseka misozi yodzaza ndi zotupitsa kumangoisunga padiso. Madontho a seramu amapangidwa kuchokera m'magazi a wodwala mwini: magazi amazunguzidwa m'makina, madzi ake achikasu n'kusungunulidwa, kawirikawiri kufika pa 20%, ndipo popeza muli zinthu zokulitsa khungu zofanana ndi za m'misozi yeniyeni, amapoletsa timabala ta pa cornea (khungu loonekera ngati galasi la kutsogolo kwa diso) kuposa madontho ogula. Vuto lake ndi kasungidwe. Mulibe zotetezera, kotero mabotolo osatsegula amakhala mufiriza ndipo limene mukugwiritsa ntchito limakhala mufiriji kwa masiku ochepa okha. Kwa munthu wokhala m'chipinda cha lendi ku Yeoville kapena ku Diepsloot, wogawana firiji ndi anzake, kumene magetsi angathe kuzima maola angapo, funso limeneli liyenera kuyankhidwa magazi asanatengedwe. Magaziwo amayezedwanso HIV ndi hepatitis B ndi C, ndipo malo ambiri okonza madonthowa sagwiritsa ntchito magazi amene apezeka ndi tizilomboti.

Magalasi a scleral ndi aakulu kuposa magalasi wamba ovala padiso penipeni. Amakhazikika pa choyera cha diso n'kudumpha pamwamba pa cornea, ndipo mpata umene umatsala pakati umadzazidwa ndi madzi a mchere opanda zotetezera, kotero diso limakhala m'madzi tsiku lonse ngati nsomba m'dziwe. Kwa odwala a Sjögren ndi ena amene cornea yawo yayamba kuwonongeka, njira imeneyi imatha kuchotsa ululu ndi kuwongola kuona nthawi imodzi, zimene timapulagi ndi seramu sizichita mofulumira chotero. Amafuna katswiri woyeza maso amene anaphunzira kuwakonza, maulendo angapo oyezera, manja aukhondo m'mawa ndi madzulo, ndiponso ndalama zambiri pachiyambi. Madzi a pampopi sayenera kuwakhudza, chifukwa muli tizilombo ta Acanthamoeba timene timawononga cornea koopsa.

Kumene mungapeze chithandizo kumasinthanso chimene mungasankhe. M'zipatala za boma njira yake ndi kuyambira kukiliniki n'kulandira kalata yokutumizani kwa madokotala a maso, monga a ku St John Eye Hospital pa Chris Hani Baragwanath ku Soweto kapena a ku Charlotte Maxeke; kudikira kumakhala kwa nthawi yaitali, koma kumeneko n'kumene angayeze bwino cornea, kulamula kuyeza magazi ndi kukutumizani kwa dokotala wa nyamakazi ngati pakufunika. Kiliniki ya maso ya University of Johannesburg ku Doornfontein, kumene ophunzira amayeza moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, ndi poyambira pabwino kwa amene akufuna kudziwa mtundu wa vuto lawo asanapite kwa dokotala wolipiritsa. Amene muli ndi medical aid dziwani kuti kuuma kwa maso pakokha sikuli pa mndandanda wa matenda okhalitsa amene mabungwewa amakakamizidwa kulipira, pamene nyamakazi ya rheumatoid, lupus ndi glaucoma zilipo, choncho funsani bungwe lanu molemba musanalowe pa LipiFlow, IPL kapena magalasi a scleral.

Popita kwa dokotala tengani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa mapiritsi a chimfine ndi ziwengo, ena a kuthamanga kwa magazi, ena a matenda a nkhawa ndiponso isotretinoin wa ziphuphu amaumitsa maso, ndipo kusintha limodzi mwa mankhwalawa kumatha kuthandiza kuposa kugula chatsopano. Muuzeninso ngati m'kamwa mumauma kapena mafupa amapweteka m'mfundo, popeza zizindikiro zimenezi ndi zimene zimamuchititsa kuyeza Sjögren. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kuopa kuwala, kuona mwachimbuuzi mwadzidzidzi kapena kutuluka kadontho koyera pa cornea, pitani kuchipatala tsiku lomwelo popanda kudikira tsiku limene anakulemberani.