Edifier R1280T: abwino kwa amene m'makutu mumalira, bola muwaike poyenera

Ndemangayi ndi ya anthu amene m'makutu mwawo mumalira osaleka, vuto lomwe madokotala amalitcha tinnitus. Ena amamva ngati nyenje za mu Okutobala, ena ngati wailesi yosochera siteshoni, ena kamluzu kosatha. Munthu wotere akamagula masipika, zoti amafika patali bwanji alibe nazo ntchito. Chomwe amafuna n'choti mawu onse azimveka bwinobwino voliyumu ili pansi. Ma R1280T amakwanitsa zimenezi, koma ubwino wake wambiri umachokera pomwe mwawakhazika, mabatani amangothandizira. Titawagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo m'zipinda za simenti ndi malata, tawapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

M'bokosi mumabwera masipika awiri, rimoti yaing'ono ndi mawaya. Amplifaya ili mkati mwa sipika ya kumanja, ndipo m'mbali mwake muli mabatani atatu opotokola: la voliyumu, la treble (mawu okwera) ndi la bezi (mawu otsika). Ya kumanzere imalandira mphamvu kudzera pa waya wochokera ku inzakeyo. Onse pamodzi ndi mawati 42. Sipika iliyonse ili ndi chimbale cha mainchesi 4 chotulutsa mawu apakati ndi bezi, kenako kachimbale ka mamilimita 13 kotulutsa mawu okwera. Bowo lotulukira mpweya wa bezi lili kutsogolo, ndipo zimenezi zimathandiza m'nyumba zathu momwe malo amachepa. Polumikiza, chofiira chipite ku chofiira, chakuda ku chakuda mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi, bezi imathawa ndipo mawu a wowulutsa nkhani amamwazika, osadziwika komwe akuchokera. Ambiri amene amadandaula kuti masipika awo atsopano alibe mphamvu amakhala atangosemphanitsa waya.

Pali zinthu ziwiri zomwe opanga mwina sankaganizira za odwala makutu, koma zimawapindulira. Choyamba, kumbuyo kuli malo awiri olowetsera mawaya a mawu otchedwa RCA ndipo onse amagwira ntchito nthawi imodzi. Mutha kulumikiza TV kumodzi, kwinako foni yakale yomwe ikuliza phokoso la mvula chapansipansi. Nkhani ikaduka kapena filimu ikafika pachete, mvula ija imatseka mpatawo, ndiye kulira kwa m'khutu sikutulukira mwadzidzidzi. Chachiwiri, mukawayatsa, voliyumu imayambira pamlingo wapakati, osati pomwe munaisiya. Magetsi akabwera pakati pausiku ana atasiya batani lili m'mwamba, simudzidzimutsidwa.

Tsopano nkhani yaikulu, ya malo. Nyumba zambiri masipika amalowetsedwa mu kabati ya TV, pakati pa matambula ndi mbale za alendo, kapena amakankhiridwa pakona kuti asapingase. Malo awiriwa ndi oipitsitsa. Khoma lililonse lomwe lili pafupi limabweza bezi n'kuiwonjezera, ndipo pakona makoma ndi awiri, kuphatikiza pansi kapena shelefu. Bezi ikachuluka imameza zilembo zopepuka monga s, f, t ndi ch, zomwe zimasiyanitsa liwu ndi linzake. Simukumva bwino, ndiye mumakweza. Mukakweza bezi nayonso imakwera, mumakwezanso. Pofika nthawi yogona makutu atopa ndipo nyenje zija zakwiya. Munthu amaloza chala masipika, chonsecho wolakwa ndi kona.

Atulutseni mu kabati. Ngati palibe kwina, akokereni kutsogolo mpaka nkhope yake ifanane ndi mlomo wa shelefu, ndipo pansi pake ikani kalabala kapena nsalu yopinda kanayi kuti thabwa lisamanjenjemere nawo. Kumbuyo siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 20 kuchokera kukhoma. Popeza bowo lili kutsogolo, mpata umenewu ukukwana. Mukamva kuti bezi yanenepabe, bwezani batani lake pang'ono kumanzere. Chenjerani ndi mtunda wapakati. Bezi imapita mbali zonse, ina imakagunda khoma lakumbuyo n'kubwerera, ndipo ikakumana ndi yomwe ikutuluka kumene, pali pena zimafafanizana. Nkhope ya sipika ikakhala masentimita 60 kuchokera kukhoma, mawu omwe amazimirira ndi a pafupi ndi 143 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), m'dera la mawu a mwamuna. Ikakhala mita imodzi, dzenjelo limatsikira ku 86 Hz, pomwe pamakhala gitala ya bezi. Choncho amene amakokera masipika pakati pa chipinda poganiza kuti akuwapatsa mpweya nthawi zina amangodzikumbira dzenje. Mtunda wopita kukhoma la m'mbali usachepere theka la mita, komanso usafanane ndi wa kumbuyo, chifukwa ikafanana zolakwika ziwirizo zimagwera pamodzi.

Chipinda nachonso chili ndi nyimbo yake. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi chimakokomeza mawu a 43 ndi 57 Hz, kenakonso 86 ndi 114 Hz. Masipikawa satsika kwenikweni kupitirira 75 Hz, kotero awiri oyambawo sakuvutani, koma 86 ndi 114 mudzawamva. Lizani nyimbo ya bezi yambiri n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pakhomo mpaka kukhoma lakumbuyo. Pali pomwe bezi imasowa, pali pomwe imakugundani pachifuwa. Pogundira kwambiri nthawi zonse ndi pakhoma penipeni, ndipo ndi pomwe pafupifupi aliyense amatsamiritsa sofa. Ikokeni masentimita 30 okha kutsogolo, kusiyana kwake mukumva tsiku lomwelo. Ngati pabalaza ndi pothina, pachikani chinsalu chokhuthala kapena bulangete kumbuyo kwa mutu. Chipinda chofanana mbali zonse ndicho chovuta kwambiri, chifukwa kukokomeza kwa m'litali ndi kwa m'lifupi kumagwera pa mawu amodzi.

Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi wochokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu. Kwa masipika ang'ono ngati awa, mita 1.2 mpaka 1.8 ndi pabwino. Kachimbale ka mawu okwera kakhale molingana ndi khutu mutakhala pansi. Yezani ndi tepi, musangoyerekeza ndi maso. Mawu okwera amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Sipika ikakhala pansi pa tebulo kapena pamwamba pa wadiropu, mawu amenewa amadutsa kwina inu n'kutsala ndi bezi yokha.

Apa m'pomwe wolira m'makutu ayenera kuyesa yekha, chifukwa anthu amasiyana. Ambiri mwa odwala vutoli adataya kale mbali ina ya kumva mawu okwera, makamaka cha pa 4,000 Hz ngati chidayambitsa ndi phokoso la chigayo, jenereta, makina odulira zitsulo kapena zimbale za paukwati. Otere amathamangira kukweza treble mpaka kumapeto. Sitikulimbikitsa. Batanilo limakweza mawu onse okwera pamodzi, ndi omwe amakubaya, ndiye pakatha ola limodzi mutu wayamba kuwawa. Yambani mabatani onse awiri ali pakati, lozetsani masipika pamphuno panu, ndipo senderani pafupi. Panja, mtunda ukatsika ndi theka, mphamvu ya mawu imakwera ndi ma decibel 6 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). M'nyumba phindulo limachepako, koma limakhalapo, ndipo mumamva kwambiri sipika yeniyeniyo kusiyana ndi zobwezedwa ndi makoma. Palinso gulu lina, la amene phokoso wamba ngati kugundana kwa masupuni limawapweteka. Iwowa achite mosiyana: masipika ayang'ane kutsogolo osawapendeketsa, nsalu zake zophimba zikhale pomwepo, treble ibwerere pang'ono. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mverani nyimbo yomweyo ndi nkhani ya pawailesi, ndipo gonani kaye musanagamule. Khutu lodwala limayankha mawa lake, osati pomwepo.

Ngati khutu limodzi limamva pang'ono, mawu a woyimba amakokekera mbali ya khutu labwino. R1280T ilibe batani logawira mawu kumanja ndi kumanzere. Sendezani sipika ya mbali yofookayo pafupi ndi masentimita 10 kapena 20, apo ayi sinthani pa foni kapena kompyuta, pa gawo lothandiza anthu ovutika kumva.

Simenti, matailosi ndi mawindo opanda makatani ndi adani ena. Imani pakati pa chipinda, ombani m'manja kamodzi. Mukamva kamchira kolira ngati chitsulo, chipindacho n'chouma. Yalani kapeti pakati pa inu ndi masipika. Mkeka umathandiza pang'ono, koma sungafanane ndi kapeti yokhuthala. Kuti mudziwe pofunika chinsalu m'mbali, khalani pampando, mnzanu ayendetse galasi lodziyang'anira motsatira khoma. Pomwe mwaiona sipika m'galasimo ndi pomwe mawu amagunda asanakupezeni. Pamenepo ikani katani yopindapinda kapena shelefu ya mabuku. Mathireyi a mazira omwe ena amamata pakhoma musataye nawo nthawi, ndi opyapyala kwambiri, komanso amasunga mphemvu. Nyumba yopanda siling'i ili ndi vuto lake: lata lomwe msomali wake wakhwefuka limalira motsatira bezi, ndipo anthu amayesa sipika yang'ambika. Gwirani latalo ndi ndodo nyimbo ikulira, mudziwa.

Voliyumu musamayeze ndi khutu lokha, limazolowera msanga. Ikani pa foni pulogalamu yoyezera phokoso. Pa iPhone ya NIOSH, bungwe la ku America loona za chitetezo pa ntchito, ndi yodalirika, za pa Android zimasiyana malinga ndi foni koma zimakupatsani chithunzi. Yezerani pomwe pamakhala mutu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukawonjezera ma decibel 3 okha, nthawi yololedwa imatsika ndi theka. Masipikawa akakhala pamalo pake, nkhani ndi nyimbo zimamveka bwino pa 60 mpaka 65. Muyeso wachidule: ngati simungacheze ndi wokhala naye pafupi osakweza mawu, mwapyola.

Usiku ndi pomwe vutoli limalimba, chifukwa kunja kwati zii ndipo ubongo ulibe china chomvera. Masipikawa amagwira bwino ntchito yotseka chete ameneyu. Asakhale kumutu kwa bedi. Aikeni mita 1.5 kapena 2 kuchokera papilo, otalikirana, kuti phokoso lidzaze chipinda osadziwika komwe likuchokera. Bezi itsitseni. Phokoso loyera, lija amati white noise, ambiri limawabaya chifukwa lili ndi mawu okwera ochuluka. Lotchedwa la pinki limachepetsa ma decibel 3 pa okitevu iliyonse pokwera (ndiye kuti ma Hz akawirikiza kawiri), la bulauni ma decibel 6, ndiye limamveka ngati mtsinje wodzaza uli patali. Cholakwika chofala n'kukweza mpaka kulira kwa m'khutu kusoweretu. Akatswiri a makutu amalangiza kuti phokosolo likhale pansi pang'ono pa kulirako, muzimva zonse ziwiri, kuti ubongo uzolowere n'kusiya kukulabadira. Mukakukwirira kotheratu, mukadzazimitsa kumabwerera ngati kwakula. Sankhani chojambulidwa chachitali. Chachifupi chomwe chimabwerezabwereza chimakhala ndi kampata poyambiranso, ndipo kampatako kamadzutsa. Foni ikakhala pa chaja nthawi yomweyo, nthawi zina mumamveka kung'ung'udza kosalekeza. Vuto limakhala la chaja chotchipa, osati sipika. Chotsani chajacho kapena sinthani, komanso waya wa mawu asayende limodzi ndi wa magetsi.

Masipika sachiza. Kulira kukakhala khutu limodzi lokha, kukamagunda motsatana ndi mtima, kukabwera ndi chizungulire, kapena kumva kukazimirira mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga. Kugontha kwadzidzidzi kumafuna chithandizo m'masiku oyambirira. Nthawi zina choyambitsa ndi litsiro louma lotseka khutu, lomwe amachotsa tsiku lomwelo, nthawi zina mankhwala monga kwinini, aspirin wambiri, gentamicin kapena streptomycin. Mankhwala musasiye panokha, auzeni adokotala. Kuyeza kamvedwe kumachitika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo pepala la zotsatira zake likuuzani ngati mukufunika makina othandiza kumva m'malo molimbana ndi treble.

Nyenyezi imodzi ija tachotsa chifukwa cha zosowa. Alibe Bluetooth, alibe polowetsa mahedifoni, ndipo sadzizimitsa pa nthawi yomwe mwasankha, kotero muzidalira foni kuti iduke yokha. Ma TV ambiri atsopano alibe RCA yotulutsa mawu. Ngati yanu ili ndi optical yokha (potulutsira mawu kudzera pa waya wa kuwala), tengani R1280DB yomwe ili ndi optical ndi Bluetooth. Okonda bezi yogwedeza mawindo awa si awo, ngakhale kwa wodwala makutu kuchepa kumeneku sitikuwerengera ngati vuto. Alumikizeni kudzera pa TV guard monga zipangizo zina zonse za amplifaya. Ndipo mukapeza malo abwino, matani timatepi pansi kapena pashelefu mozungulira sipika iliyonse ndi miyendo ya sofa, chifukwa wokolopa mawa m'mawa adzakankhira zonse kukhoma.