Tepi yotetezera felemu ya njinga: zomwe ndaona patatha miyezi 8

Ndimakhala ku Mchengautuwa ndipo ndimapalasa njinga tsiku lililonse kupita kuntchito ku Luwinga. Njingayo ndi yamagiya, felemu yake ndi yachitsulo, ndipo chimene chinandichititsa kugula tepi imeneyi ndi dzimbiri lomwe linayamba pachitsulo cha kumbuyo, pamene tcheni imamenya njinga ikamadumpha m'maenje. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kuleka, mu Epulo ngakhale mu Meyi imawazabe, choncho penti ikangosupuka chitsulo sichichedwa kudyeka.

Tepiyi ndi ya pulasitiki yokhuthala yoonekera mkati, ndipo ndinaigula m'shopu ina ya zipangizo za njinga pafupi ndi msika waukulu. Bambo ogulitsawo anandilangiza kuti ndisamate pafumbi kapena pamafuta, koma za kuzizira sanatchule. Ndinamata m'mawa wina wa mu Juni, chitsulo chili zii, ndipo patangopita masiku atatu m'mbali monse munayamba kumatuka. Ulendo wachiwiri ndinatsuka felemu, ndinaipukuta ndi sipiriti, ndinapala dzimbiri lija n'kupakapo penti, kenako ndinaimika njinga padzuwa kuti chitsulo chifunde. Ndinadulanso ngodya za tepi kuti zikhale zozungulira, chifukwa ngodya yosongoka ndiyo imayamba kukodwa ndi buluku kapena nsanza yopukutira. Kuchokera tsiku limenelo sinamatukenso, ngakhale m'nyengo ya mvula.

Pamene yandithandiza kwambiri ndi pansi pa chitsulo chochokera kukhosi kupita kumapedulo, pomwe tayala lakutsogolo limaponyera timiyala m'misewu yafumbi ya kwathu. Tepiyo yakandika kwambiri, koma penti ya mkati ili monga inalili. Yathandizanso pakhosi, pamene mawaya a mabuleki ndi magiya amakhula nthawi zonse ndikakhotetsa handulo; anthu ambiri sawaganizira malo amenewa mpaka ataona kuti penti yatha.

Komabe wogula adziwe kuti tepiyi imateteza penti yokha, siletsa chitsulo kulowa mkati chikagundidwa. Izi ndinaziona nditakweza njinga pa minibasi popita ku Nkhata Bay. Anaimangirira kumbuyo pamodzi ndi katundu wina, ndipo titafika ndinapeza chitsulo chapamwamba chitalowa mkati pang'ono, tepi ili bwinobwino pamwamba pake. Zinandiwawa mtima, chifukwa malo otere sabwereranso mwakale. Yanga ndi yachitsulo ndipo ndikupalasabe, koma amene muli ndi felemu ya aluminiyamu musamale kwambiri, pakuti zitsulo zake zimakhala zopyapyala ndipo pamene palowa kwambiri pakhoza kudzang'aluka. Tsopano ndikamakweza njinga ndimayamba ndakuta felemu ndi katoni kapena chitenje chakale, ndipo ndimaima pomwepo mpaka atamaliza kumanga.

Pamene tcheni imamenya paja, tepi yokha inachepa mphamvu, moti inabooka miyezi iwiri isanathe. Ndinatengera nzeru ya anzathu a Sacramento (akabaza a kuno ku Mzuzu), amene amakulungapo malegeni odula ku chubu chakale. Mphira imamwa mphamvu ya tcheni ndipo phokoso linatheratu. Vuto lake n'lakuti madzi amabisala mkati, choncho ndimamasula kamodzi pamwezi kuti paume, ndipo tepi ndinaisiya pansi pa malegeniwo.

Fumbi lofiira limakakamira m'mbali mwa tepi ndipo limaoneka kwambiri pa penti yowala. Amene munapentetsanso njinga yanu kwa amisiri, yesani kaye kachidutswa pamalo obisika, chifukwa pomatula ikhoza kuchoka ndi penti yomwe. Ine ndidzagulanso, koma yongokwanira pakhosi ndi chitsulo chapansi chija, ndipo ndidzamata masana dzuwa likuwala.