Regyuleta yatsopano ya njinga yamoto: pansi pa mpando, kutsogolo kapena kumbuyo?

Regyuleta ikapsa, ambiri timathamangira kukagula ina n'kuimanga pomwe panali yakale. Nthawi zina zimatheka. Koma ngati yatsopanoyo ndi yaikulu kapena mabowo a mabawuti sakugwirizana, mudzafunika kuisakira malo ena, ndipo malowo ndi amene adzanene ngati ikhalitsa kapena ayi.

Makoilo a mu injini amatulutsa magetsi osinthasintha, ndipo injini ikamathamanga kwambiri mphamvu yake imakwera. Regyuleta imawongola magetsiwo kuti alowe m'batire, n'kuwaletsa kupitirira mavolti 14 ndi theka kapena pafupi pamenepo. Maregyuleta ambiri a pa njinga zathu amachita izi pobweza magetsi otsala ku makoilo, ndipo ntchito imeneyi imawatenthetsa kwambiri. Timizere ta aluminiyamu mumationa kumsana kwake ndi totayira kutenthako. Popanda mphepo yodutsa, timizereto ndi chokongoletsera chabe. Ngakhale mutaika mababu a LED sikuti mwaipumitsa, chifukwa magetsi otsalawo amangochuluka.

Pansi pa mpando kapena kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali ndi pamene ambiri amakonda, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Batire lili pompo, waya ndi wamfupi, mvula sifika, ndipo anthu a zala zazitali saiona. Vuto ndi lakuti mpweya wa pamenepo suyenda. Njinga ya kabaza yomwe imakhala pa siteji dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono mumsika itanyamula anthu awiri, imasandutsa malowa kukhala uvuni. Chinanso, pansi pa mpando ndi pomwe timakanikizira chiguduli, mapepala a njinga ndi jekete la mvula. Tsegulani mipando ya anzanu muone: mupeza regyuleta yakutidwa ndi nsanza yamafuta, mwini wake osadziwa. Eni ake a Honda VFR750 ndi VFR800 zoyambirira amaidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa njinga zimenezi zinatchuka ndi kupsa kwa regyuleta pamodzi ndi pulagi yake, ndipo ambiri anathana nalo vutoli poisuntha kapena poikapo ya mtundu wina.

Kutsogolo kwa felemu, pansi pa khosi la chiwongolero, ndi kumene kuli mphepo yambiri. Ine ndimakonda kumeneku, koma kuli mfundo zake. Ikatsika kwambiri, tayala lakutsogolo limaiponyera matope ndi timiyala. Pa msewu wafumbi m'nyengo ya dzinja, dothi lofiira limamata pakati pa timizere tija n'kuuma gwa, ndiye mphepo ija yapita pachabe. Regyuleta yeniyeniyo siopa madzi kwenikweni popeza mkati mwake ndi momata, koma pulagi imaopa. Madzi akalowa, timapini timachita dzimbiri, magetsi amavutika kudutsa, pulagi n'kuyamba kutentha mpaka pulasitiki kusungunuka. Choncho imangeni pamwamba ndithu, pulagi iyang'ane pansi kuti madzi azitsika okha, timizere tigone motsata kumene mphepo ikupita. Musanamange zolimba, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kenako gwirani buleki n'kukanikiza mashoko pansi. Madigadi kapena foloko ikakhudza ngakhale pang'ono, sunthani. Samalaninso kuti isatseke mphepo yopita ku injini, makamaka pa njinga zozizira ndi mpweya ngati Boxer ndi TVS.

Kutsogoloku kumafuna waya wotalikirapo, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera. Waya wopita ku batire akhale wonenepa, asakhale kachingwe kopotapota ndi zala n'kukulunga tepi. Lumikizani powotcherera ndi mtovu (soda) kapena makonekita okanikiza bwino. Ngati mwaganiza zopititsa waya wofiira molunjika ku batire, ikani fyuzi pafupi ndi batirelo. Pa njinga zazikulu ambiri amaika ya maampu 30 (30 A). Waya wa efi, womwe ndi wa negetivu, nayenso afike pa negetivu ya batire kapena pa chitsulo chopalidwa penti. Pali maregyuleta ena ang'onoang'ono amene amatengera efi pa thupi lawo kudzera m'bawuti, ndiye mukawamanga pa pulasitiki sagwira bwino ntchito, mababu n'kumangopsa.

Kumbuyo, pafupi ndi chopondera cha wokwera kapena pansi pa kaliyala, n'kwapakatikati. Mphepo ilipo ndithu, batire silili kutali. Sankhani mbali imene kulibe ekizozi. Koma ngati mumanyamula matumba a chimanga kapena makala olendewera m'mbali, kuiwaleni kumeneku: thumba limatseka mphepo, lamba womangira katundu n'kumakoka waya.

Pafupi ndi silinda kapena paipi ya ekizozi, ayi. Bawuti yopanda ntchito ikhoza kukhalapo, koma isakunyengeni.

Mtundu wa regyuleta umasinthanso masamu. Za mtundu watsopano wotchedwa MOSFET, monga Shindengen FH020AA, sizitentha ngati zakale zija, choncho zimapirirako pamalo obisika. N'zazikulu komabe, ndipo zinapangidwira makoilo a mawaya atatu achikasu, osati tinjinga tonse. Ngati muli ndi yotere ndipo pansi pa mpando pali kampata kolowa mpweya, isiyeni pompo, muimange pa kachitsulo ka aluminiyamu kophwatalala kuti kazithandiza kumwa kutentha. Ngati ndi wamba ya pa shopu ya zipangizo, ine ndingaitulutse kunja.

Mukamaliza, yezani ndi mita yoyezera magetsi pa batire. Injini isanalire muone mavolti pafupifupi 12.6 ngati batire ndi lodzaza. Mukaponda moto pang'ono, nyali zili zoyaka, pakhale pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikadutsa 15, batire liyamba kuwira, zimitsani msanga. Kenako yendani theka la ola, muime, mugwire regyuleta ndi pulagi yake mosamala. Regyuleta kutentha n'kwachibadwa. Pulagi ndiyo siyenera kukuotchani chala, ndipo ikatero vuto lili pa timapini, osati pa malo amene mwasankha.